Nyumba ya amayi ku Chipoka yang'aluka: kodi ndiyambire ku maziko?

Funso: "Ndimagwira ntchito ku Johannesburg, koma amayi ndi adzukulu awo awiri amakhala m'nyumba imene malemu bambo anamanga kwathu ku Chipoka, m'boma la Salima, cha m'ma 1990. Ndi ya njerwa zootcha koma anamangira dothi, denga ndi la malata, ndipo kumbuyo tinawonjezako chipinda chimodzi. Pakona ina pali mng'alu wochoka pamwamba mpaka pansi, ming'alu ina yatulukira pa mawindo. Amayi amakumbukabe chivomerezi cha 1989, moti kukangogwedezeka pang'ono sagonanso. Ndinaona pa YouTube anthu a ku America akumangirira nyumba ku maziko ndi mabawuti. Mmisiri wa kwathu akuti tikumbe mozungulira nyumba yonse n'kuthira konkire. Ndasunga kandalama pang'ono. Kodi ndiyambire pamenepo?"

Yankho: Achimwene, ayi, musayambire ku maziko, ndipo mmisiriyo mumuuze kuti pikisi ndi fosholo ziyambe zadikira. Mwachita bwino kufunsa ndalama isanatuluke m'thumba, chifukwa kukumba mbali zonse za nyumba yomangira dothi pa nthawi imodzi kungathe kuigwetsa chivomerezi chisanabwere n'komwe. Pa nyumba yonga ya amayi anuyi, chimene chimavulaza anthu nthaka ikagwedezeka nthawi zambiri chimachokera kumwamba: gebulo (khoma la makona atatu lotseka m'mbali mwa denga) imene yagwera m'chipinda, makoma amene alekana pakona, denga limene linangotsamira pa khoma popanda cholimangirira. Ndalama yanu yoyamba ipite kumeneko.

Mantha a amayi ali ndi pogwira ndithu. Chivomerezi cha usiku wa pa 10 Malichi 1989 chinali champhamvu yopitirira 6 pa sikelo yoyezera zivomerezi, chinapha anthu 9, ndipo anthu pafupifupi 50,000 anasowa pogona ku Salima ndi m'madera oyandikana nawo. Patapita zaka 20, ku Karonga nthaka inagwedezeka mobwerezabwereza kuyambira pa 6 Disembala 2009, kufikira chachikulu cha 6.0 chimene chinabwera patatha milungu iwiri. Anthu 4 anamwalira, nyumba zikwizikwi zinagwa kapena kung'aluka. Mu Malichi 2018 inali nthawi ya Nsanje. Gwero lake ndi limodzi: Nyanja ya Malawi ndi chigwa cha Shire zili mkati mwa chigwa chachikulu chimene akatswiri amachitcha East African Rift, kumene nthaka ikukokana n'kumatseguka mamilimita ochepa chaka ndi chaka. Kum'mwera kwa Chipoka, osati kutali ndi kwanu, kumayambira mng'alu wa m'matanthwe a pansi wotchedwa Bilila-Mtakataka, wotalika makilomita oposa 100, ndipo ofufuza amati utati utsetsereke wonse nthawi imodzi ungabweretse chivomerezi chopitirira 7. Paja manambalawa amanyenga: kuchoka pa 6 kufika pa 7 mphamvu imachuluka pafupifupi ka 32. Tsiku lake palibe munthu amene angalilosere, choncho chimene chili m'manja mwathu ndi nyumbayo basi.

Zimene munaona pa YouTube n'zoona, koma ndi mankhwala a matenda ena. Ku California nyumba zambiri zakale ndi za matabwa, zopepuka, zokhomedwa bwino ndi misomali, ndipo chofooka chake n'chakuti zinangokhazikidwa pa maziko. Pa zivomerezi za Loma Prieta mu 1989 ndi Northridge mu 1994, nyumba zotere zinkatsetsereka n'kugwa pa maziko ake zili zathunthu, n'chifukwa chake kumeneko amazimanga ndi mabawuti. Yathu ya njerwa ndi yolemera, siichoka pa maziko yathunthu. Imaphwasuka.

Imaphwasuka motere. Chivomerezi chimakankha nthaka cham'mbali, uku ndi uku, kangapo pa sekondi imodzi. Khoma la njerwa limasenza bwino katundu wochokera pamwamba, koma likakankhidwa cha pamimba lilibe mphamvu, makamaka ngati pakati pa njerwa pali dothi, limene silimata kanthu koma kungodzaza mpata. Khoma limene laima mopingasa ndi kumene nthaka ikukankhira limayamba kuweyeseka, ndipo chimene chingaligwire ndi makoma anzake a m'mbali. Ngati pakona sanalumikizane bwino, ponsepo pamang'ambika, khoma limatsala lokha, kenako limagwa, denga n'kulitsatira. Taganizirani dengu: likakhala ndi mkombero mungathe kulinyamula lodzaza ndi chimanga n'kumathamanga nalo, koma mkombero ukathothoka nsungwi zomwezo zimabalalika. Ntchito yonse yolimbitsa nyumba yakale ndi kuiikira mkombero umene inalibe, kuti makoma anayi ndi denga ziziyendera pamodzi. Cholinga chake chimveke bwino kwa amayi: nyumba ikhoza kung'alukabe pa chivomerezi chachikulu, koma isagwere anthu, apeze mpata wotuluka.

Musanagule ngakhale thumba limodzi la simenti, wina wa pakhomo awerenge ming'aluyo, chifukwa uliwonse uli ndi nkhani yake. Uwo wa pakona, woongoka kuchoka pamwamba kufika pansi, nthawi zambiri umanena kuti makoma awiriwo sanalukane: njerwa za khoma ili sizinalowe mu linzake. Ngati kona imeneyo ili pamene chipinda chowonjezera chija chinakumana ndi nyumba yakale, ndiye kuti nkhani yadziwika kale, chifukwa amisiri ambiri akamawonjeza chipinda amangogundiza khoma latsopano pa lakale n'kubisa mzerewo ndi pulasitala. Ming'alu yochoka pa makona a mawindo n'kukwera mopendekeka kawirikawiri imaonetsa kuti pamwamba pa windo palibe mtanda wa konkire, njerwa zikulemera felemu yokha. Umene ndimauopa pa nkhani ya maziko ndi wina: woyenda ngati masitepe motsata mizere ya njerwa, wotseguka kwambiri mbali imodzi kuposa inzake, umene umapitirira mpaka pansi pa simenti ya m'nyumba, chitseko cha pafupi n'kuyamba kuvuta kutseka. Umenewo ndi umboni woti nthaka ya pansi ikutsika.

Ndiye muyese ngati mng'aluwo uli wamoyo kapena unafa kale. Apale pulasitala pang'ono, amate kachigamba ka simenti kopyapyala, kaakulu ngati bokosi la machesi, kodutsa pa mng'alupo, malo awiri kapena atatu, n'kulemba tsiku pambali ndi pensulo. Mwezi uliwonse akutumizireni chithunzi pa WhatsApp. Kachigambako kakadutsa chilimwe ndi dzinja kali kathunthu, maziko akhazikika, asiyeni. Kakasweka, nthaka ikuyenda. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa nthawi yodikirayi ntchito ya kumwamba ikhoza kumapitirira. Kukula kwa mng'alu nakonso kuonedwe: wolowa kamtengo ka machesi kokha ndi wongomata, koma wolowa chala chachikulu, kapena umene munthu akuonera kuwala kwa kunja, ufunika maso a injiniya pamalopo.

Chinanso chosalira ndalama: amangirire mwala ku chingwe, achigwire pamwamba pa khoma, aone ngati khomalo laima chilili. Khoma lotalika mamita atatu likapendekera kunja masentimita 3 kapena 4, ine sindilimbitsanso. Ndimaligumula n'kumanganso ndi simenti, njerwa zake zomwezo, pakuti ubwino umodzi wa nyumba yomangira dothi ndi wakuti njerwa zimachoka zosasweka. Ayezenso kunenepa kwa khoma. La njerwa ziwiri limakhala pafupifupi masentimita 23, la njerwa imodzi limakhala theka lake. Khoma lakunja la njerwa imodzi ndilo loyamba kugwa, ndipo ngati nyumba yonse ili yotero mundilemberenso, chifukwa malangizo amasintha.

Tsopano za maziko, poti ndi zimene mwafunsa. Mdani wamkulu wa maziko a nyumba zathu ndi madzi, ndipo amagwira ntchito yake dzinja lililonse pamene chivomerezi chili phee. Madzi a padenga amagwera m'tsinde mwa khoma, amakumba kangalande, amalowa pansi, amasungunula dothi la pakati pa njerwa za m'munsi. Pitani mukakande ndi msomali mizere itatu yoyambirira kuchokera pansi: m'nyumba zambiri za zaka 30 dothi limangoyoyoka ngati ufa, njerwa zina zafumbwa, mwinanso chiswe chadutsamo. Chivomerezi chikapeza khoma lodyeka m'munsi chotero sichivutika nalo. Kukonza kwake n'kotsika mtengo. Achotse dothi lofumbwalo m'mizere mpaka kuya kwa masentimita awiri kapena atatu, anyowetse, alowetsemo simenti, ndipo njerwa zoola azisinthe imodziimodzi. Kenako azungulize nyumba ndi kakhonde ka konkire kotambalala masentimita 60 mpaka mita imodzi, kotsetserekera kunja, ndi ngalande yotengera madzi kutali. Pothira kakhondeka sakumba mozama, amangosalaza pamwamba. Bafa, dzenje la zinyalala ndi chimbudzi zisayandikane ndi khoma, ndipo mtengo waukulu ngati bulugamu kapena mango usakhale pafupi, chifukwa mizu yake imamwa madzi a mbali imodzi ya nyumba, dothi n'kunyala mosiyana.

Mtundu wa dothi ndi wofunika kuudziwa. Ku Salima kuli malo ambiri a makande, dothi lakuda lija limene limatupa mvula ikagwa n'kung'ambika m'chilimwe. Nyumba ya pa makande imakwera ndi kutsika chaka chilichonse, ndipo ming'alu yake imatseguka mu Okutobala n'kutsekeka mu Febuluwale. Pamenepo mankhwala oyamba ndi omwe aja, kusunga chinyezi cha pansi pa nyumba kuti chisamasinthesinthe. Kufupi ndi nyanja kuli vuto lina: mchenga wosalimba wokhuta madzi ukagwedezedwa umatha kusanduka phala kwa kanthawi, nyumba n'kumira mbali imodzi. Ku Karonga mu 2009 zinaoneka, mchenga ndi madzi zikutumphuka m'ming'alu ya pansi. Ngati pakhomo pa amayi chitsime chimapeza madzi pa mita imodzi kapena iwiri, ndipo pansi ndi mchenga wokhawokha, palibe konkire ya m'mbali imene ingasinthe nthakayo. Chimene chimathandiza ndi nyumba yomangika pamodzi, yoti ikapendekeka ipendekeke yathunthu.

Kukumba pansi pa maziko kumafunika pokhapokha kachigamba kaja kasweka ndipo madzi mwawathamangitsa kale koma khoma likutsikabe, kapena mwapeza kuti bambo anayala njerwa pa dothi lapamwamba popanda kukumba mokwanira. Kuti mudziwe, akumbe kadzenje kamodzi kokha pambali pa khoma, aone pamene maziko athera ndi dothi limene akhalapo, n'kukwirira tsiku lomwelo. Zikafika poti alimbitsidwe, ntchitoyi imagwiridwa m'chilimwe, m'zigawo zosapitirira mita imodzi. Amakumba chigawo chimodzi kufikira dothi lolimba, amathira konkire mpaka igunde pansi pa maziko akale popanda mpata, amadikira masiku 7, kenako amalumpha zigawo ziwiri kapena zitatu n'kukumba china. Pa nthawi iliyonse, gawo lalikulu la khoma likhale litaponda pa dothi losakhudzidwa. Imeneyi si ntchito yoyang'anira pa foni muli ku Johannesburg, ndipo si ya mmisiri amene sanaionepo ikuchitika. Pafunika injiniya.

Tikwere kumwamba, kumene ndikufuna ndalama yanu ipite. Yambani ndi gebulo, khoma la makona atatu lija limene limatseka m'mbali mwa denga. Ndilo lalitali kuposa onse, nthawi zambiri ndi la njerwa imodzi, pamwamba pake palibe cholipanikiza, ndipo m'nyumba zambiri bedi limakhala m'munsi mwake. Ku Karonga magebulo anagwa ambiri ngakhale pa nyumba zimene makoma ake ena anatsala chilili. Njira yabwino ndi kuligumula mpaka pa mzere wa makoma ena n'kutsekapo ndi malata kapena matabwa okhomera pa mitengo ya denga. Anthu ena amadandaula kuti sizioneka bwino. Ine ndimati lata lopaka penti likagwa limangochititsa phokoso, pamene njerwa 300 zikagwera pa bedi la mwana nkhani imakhala ina. Usiku uno womwe, ntchito isanayambe, mabedi asunthidwe achoke pansi pa gebulo ndi pa kona yong'aluka ija. Miyala ndi njerwa zopanikizira malata, ngati zilipo, zitsike.

Gebulo ikachoka, mpata wa ring beam wapezeka. Ameneyu ndi lamba wa konkire wokhala ndi zitsulo mkati, woyenda pamwamba pa makoma onse, akunja ndi amkati omwe, osaduka paliponse. Pa nyumba yakale njira yolongosoka ndi kuchotsa malata m'chilimwe, kutsitsa mitengo ya denga, kuchotsa mizere iwiri kapena itatu ya pamwamba imene imakhala yogwedera, kuimanganso ndi simenti, n'kuthira lambayo. Akhale wotambalala ngati khoma lenilenilo, wokwera masentimita 15 kapena kuposerapo pang'ono, ndi zitsulo zinayi za Y10 kapena Y12 (zonenepa mamilimita 10 kapena 12), zomangidwa ndi maring'i a R6 (kachitsulo ka mamilimita 6) otalikirana masentimita 20. Konkire yake ndi muyezo umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga, inayi ya miyala ya kwale, ndipo muyezo wake ukhale ndowa, chifukwa fosholo imanama.

Pamene amisiri ambiri amalakwitsa ndi pakona, ndipo apa ndikupemphani muumirire. Amayala zitsulo za khoma ili n'kuzidulira pakona, za khoma linalo n'kuzidulanso pomwepo, zingogundana mitu. Konkire ikauma palibe amene angaone, koma lamba wotero ndi woduka malo anayi, pamalo penipeni pamene chivomerezi chimang'amba. Chitsulo chiyenera kupindidwa n'kukhota nayo kona, kapena aikepo zitsulo zina zopindidwa ngati chilembo cha L, mwendo uliwonse wotalika masentimita 60, zomangirira ku zinzake. Polumikiza zitsulo ziwiri zipitirirane masentimita 60, ndipo polumikizirapo pasakhale pakona. Pamene khoma lamkati likumana ndi lakunja achitenso chimodzimodzi. Musalole kuti athire konkire musanaone chithunzi cha kona iliyonse zitsulo zili poyera. Akathira, azithirira madzi m'mawa ndi madzulo masiku osachepera 7, atafunditsa masaka onyowa, chifukwa dzuwa la kunyanja limaumitsa konkire isanakhwime ndipo imatsala yofumbutuka.

Konkire isanaume, azikemo hoop iron (kalamba kachitsulo kopyapyala) kapena waya wonenepa wopinda pawiri, wokoledwa ku zitsulo za mkati, pamalo ponse pamene padzakhale mtengo wa denga, kuti mtengowo udzakulungidwe n'kukhomeredwa. Denga lenilenilo alipingase ndi matabwa awiri odutsana, kuti lisamapindike cham'mbali, ndipo mitengo yodyedwa ndi chiswe isabwererenso. Phindu la ntchito imeneyi simudikira nalo chivomerezi. Mphepo za mkuntho, monga za namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, zimasasula denga losamangirira, ndipo khoma lomangira dothi likavulidwa denga mvula ili mkati silichedwa kugwa.

Ngati kuchotsa denga sikutheka, pali njira ina, ya lamba wa waya. Amapala pulasitala m'kamzere kotambalala pafupifupi masentimita 40 mpaka 50, pamwamba pa mawindo ndi zitseko, kuzungulira nyumba yonse kunja ndi mkati. Amayalapo waya wowotcherera wa timabokosi, uja wolimba osati wa khola la nkhuku, amaboola khoma pa masentimita 40 kapena 50 alionse, amalowetsa waya womanga wakunja ndi wamkati kuti alumane, kenako amamata pulasitala wa muyezo umodzi wa simenti pa itatu ya mchenga, wonenepa masentimita atatu. Pa makona onse amayala waya womwewo choimirira, kuchoka ku maziko kufika ku denga, wokhota kona n'kupitirira masentimita 50 kapena 60 mbali zonse ziwiri. Njirayi inayesedwa ndi chivomerezi chenicheni. Ku Peru, nyumba za zidina zimene akatswiri a pa yunivesite ya Katolika ya ku Lima anazimanga ndi waya wotere zinatsala chilili pa zivomerezi za 2001 ndi 2007, nyumba zoyandikana nazo zitagwa. Ku Nepal, pambuyo pa chivomerezi cha 7.8 cha mu Epulo 2015 chimene chinapha anthu pafupifupi 9,000, njira yofanana nayo inagwiritsidwa ntchito pa nyumba ndi masukulu. Chinsinsi chake chili pa timawaya todutsa m'khoma tija. Popanda timeneto mwangopachika chikwangwani cholemera pa khoma, ndipo chidzasupuka chokha.

Pa nyumba ya amayi ndikanasankha zonse ziwiri mogawa: ring beam pamwamba, waya pa makona. Kona yong'aluka ija isanalandire waya iyambe yasokedwa. Mmisiri achotse njerwa za mbali zonse za mng'alu pa mzere wachinayi uliwonse, alowetse njerwa zathunthu zodutsa pa mng'alupo ndi simenti, n'kugonekamo brick force (waya wonga makwerero woyala pakati pa mizere ya njerwa) kapena kachitsulo kopindidwa. Pamene chipinda chowonjezera chinakumana ndi nyumba yakale achitenso zomwezo, ndipo ring beam idutse pamenepo osaduka, kuti zipinda zonse zikhale nyumba imodzi. Kungothira simenti mu mng'alu n'kupaka laimu, monga amachitira ambiri Khirisimasi ikayandikira, kumangobisa chilonda.

Mawindo ndi zitseko ndi mabowo m'khoma, ndipo bowo lililonse limachepetsa mphamvu. Windo lisayandikire kona kuposa masentimita 60, pakati pa windo ndi chitseko patsale khoma la masentimita 60 kapena kuposa, ndipo mukaphatikiza kutambalala kwa mabowo onse a khoma limodzi kusafike theka la khomalo. Pa khoma lomangira dothi ndimakonda kuti kuchepere pamenepo. Windo limene laphwanya malamulowa lichepetsedwe kapena litsekedwe, njerwa zatsopano zikulukana ndi zakale. Pamwamba pa lililonse paikidwe mtanda wa konkire wolowa m'khoma masentimita 20 kapena 30 mbali zonse. Khoma lalitali lopitirira mamita asanu popanda lina lolidula pakati, monga zimakhalira pa balaza, lifunika mzati wa njerwa wolichirikiza kunja, wolukana nalo ndiponso wokhala ndi maziko akeake. Nsanamira za pakhonde zomangidwa ndi njerwa zokhazokha popanda chitsulo mkati zimathyoka msanga, ndipo zimagwera pakhomo penipeni potulukira anthu. Paipi yachitsulo kapena mtengo wabwino womangirira pansi ndi pamwamba ndi zodalirika kuposa zimenezo.

Mwina pakhomopo pali khitchini kapena kanyumba ka anyamata ka zidina kapena ka mdindo. Pa makoma a dothi lokhalokha musasenzetse konkire yolemera, ndipo musawamate simenti yopanda waya, chifukwa imatsekera chinyezi mkati, dothi n'kumafewa mosaoneka. Lamba wake akhale wa matabwa awiri oyenda pamwamba pa khoma, olumikizidwa ndi timatabwa topingasa ngati makwerero ogoneka, okhomedwa bwino pa makona n'kumangiriridwa ku khoma ndi waya wotsika mizere inayi kapena isanu. Mpanda wa njerwa wautali wopanda mizati nawonso uonedwe, makamaka ngati ana amasewera m'tsinde mwake.

Zipangizo ndi pamene ndalama za anthu a kunja zimathera osaona phindu, choncho ndinenepo mosabisa. Ofufuza a ku Polytechnic ku Blantyre, imene tsopano ndi MUBAS, pamodzi ndi anzawo a ku University of Bristol, anamangitsa makoma ndi njerwa za m'midzi mwathu ndi amisiri athu omwe, n'kuwakankha ndi makina mpaka kusweka. Chimene chinaonekera poyera n'chakuti njerwa zathu zambiri n'zofooka ndiponso zosiyanasiyana mphamvu, ndipo kugwirana kwa njerwa ndi matope omangira n'kochepa, makamaka simenti ikachepa. Njerwa youma imamwa madzi a m'simenti isanagwire, ndiye njerwa iliyonse iviikidwe m'madzi isanayalidwe, ndipo khoma lakale linyowetsedwe lisanamatidwe. Pomangira, muyezo usapitirire ndowa 6 za mchenga pa ndowa imodzi ya simenti, pa makona ndi posoka ming'alu zikhale 4. Mchenga ukhale wa kumtsinje. Kuti muuyese, thirani m'botolo mpaka theka, dzazani madzi, khutchumulani, muusiye usiku wonse: matope akakhazikika pamwamba pa mchenga mochindikala, mchengawo utsukidwe kapena ubwezedwe. Njerwa yabwino ikagundidwa ndi inzake imalira ngwee, ndipo ikagwetsedwa kuchokera pa chifuwa siphwanyika. Simenti wokhala ndi mibulu yolimba wapita kale, ngakhale atatsitsa mtengo.

Pambuyo pa chivomerezi cha ku Karonga, boma kudzera ku unduna woona za malo ndi nyumba linatulutsa ndondomeko yotchedwa Safer House Construction Guidelines, yokhala ndi zithunzi zoonetsa ring beam, makona, mawindo ndi kamangiridwe ka denga. Mufunse ku ofesi ya zomangamanga ku khonsolo ya Salima, ndipo mmisiri wanu aione ndi maso ake. Musamutaye mmisiriyo chifukwa cha maganizo ake okumba aja. Ananena zimene amadziwa, ndipo amisiri athu ambiri akaonetsedwa chifukwa chake cha chinthu amachigwira bwino kuposa mmene timaganizira. Koma mgwirizano wanu ukhale wa zigawo: ndalama ya chigawo chotsatira ituluke mutaona zithunzi za chimene chatha, zitsulo ndi waya zisanakwiriridwe. Pakhale wachibale mmodzi wodalirika wosunga kiyi wa simenti ndi kuwerenga ndowa.

Kandalama kanu kakachepa, tsatirani ndondomeko iyi. Mwezi uno: mabedi asunthe, tizigamba timatidwe, ngalande zikumbidwe mvula isanagwe. Chilimwe chikubwerachi: gebulo itsike, ring beam ithiridwe, denga limangiriridwe, ndipo amayi ndi ana agone kwa abale masiku amenewo, asagone m'nyumba yosasula. Zikatero makona, kuyambira ndi zipinda zogona, poti zivomerezi zonse ziwiri zazikulu, cha ku Salima ndi chomaliza cha ku Karonga, zinapeza anthu ali m'tulo. Mawindo ndi kakhonde ka konkire zibwere pambuyo pake. Maziko akumbidwe pokhapokha tizigamba tija tanena.

Pali malire amene kulimbitsa kumasanduka kutaya ndalama. Ngati makoma awiri kapena kuposerapo apendekeka, njerwa zikufumbutuka m'manja, makoma akunja ndi a njerwa imodzi, ndipo maziko akutsikanso, mtengo wokonza ungayandikire wa nyumba yatsopano koma mphamvu yake osafikako. Zikatero ndi bwino kumangira amayi zipinda ziwiri zatsopano pambali, zazing'ono koma zomangira simenti, za njerwa ziwiri, zokhala ndi ring beam ndi gebulo ya malata, azigona m'menemo, nyumba ya bambo isanduke yochezeramo masana ndi yosungiramo katundu. Ndikudziwa kuti nyumba yomanga malemu siigumulidwa mwachisawawa, ndipo nkhani yotere imafuna kukhalirana pansi ndi amayi ndi eni mbumba. Kuti mudziwe mbali imene nyumbayi ili, nditumizireni zithunzi za makona onse anayi kunja ndi mkati, cha gebulo, cha mizere ya pansi atapala pulasitala, cha chingwe chija chili pa khoma, ndi muyezo wa kunenepa kwa khoma pa windo.